Ndemanga yanga pa maphunziro a franchise amene ndinapanga ku Joni ndisanatsegule shopu ya nkhuku ndi tchipisi

Abale ambiri mwakhala mukundifunsa, ena pa WhatsApp ena mpaka kudzera kwa amayi kumudzi ku Ntcheu, kuti achemwali kodi za franchise munalowa zija zimayenda bwanji, amakuphunzitsani chani musanatsegule, nanga ndalama zomwe munalipira zikugwirizana ndi zomwe munaphunzirazo? Nde ndati ndingolemba kamodzi zonse mmene ndinazionera ine. Kwa amene simukuzidziwa, franchise ndi pomwe umalipira kampani kuti utsegule shopu yako pa dzina lawo nkumagulitsa zinthu zawo motsatira malamulo awo. Dzina la kampani sinditchula chifukwa pali zina zomwe ndidandaule mmusimu komanso ndikadali nawo pa kontirakiti, mungodziwa kuti ndi imodzi mwa ma franchise ang'onoang'ono a nkhuku yokazinga ndi tchipisi kuno ku Gauteng, osati zimphona zija mumaziona pa TV.

Ine ndinabwera ku Joni mu 2009 ndipo ndagwira ntchito m'malesitilanti zaka zoposa khumi, ndinayambira kotsuka mbale mpaka ndinafika poyang'anira anzanga pa shift. Bambo akunyumba ndi nzika ya kuno, mapepala anga okhalira ali bwinobwino, ndikunena izi chifukwa opanda mapepala palibe kampani kapena banki imene ingakuyang'aneni nkomwe. Tinasonkha zomwe tinasunga, zina tinakongola, shopu yathu ili ku East Rand pafupi ndi renki ya ma taxi. Maphunziro anga ndinapanga mu 2023, anali a masabata 6, sabata imodzi mkalasi ku ofesi yawo, masabata 4 mu shopu ya munthu wina imene inali kale pa mpanipani, sabata yomaliza mayeso ndi kukonzekera kutsegula.

Ndiyambe ndi chomwe chinandipweteka mtima tsiku loyamba, chifukwa chomwecho ndi chimene pano ndimayamikira kwambiri. Ndinapita kumeneko ndili ndi maganizo oti ine khitchini ndimaidziwa, zaka zonse zija, ndiye mwina angondionetsa za mapepala ndi za tilu basi. Ndikufika mu shopu ija 6 koloko mmawa, mayi amene ankatiphunzitsa, mayi wachiZulu wamkulu ndithu wosakonda zoseka pa ntchito, anandipatsa apuloni, kaneti ka kumutu ndi mopu nkuti sisi, lero inu ndi a pansi ndi kuchimbudzi cha makasitomala. Ndinakhala chete kaye. Ndalipira ndalama zambirimbiri kuti ndikhale bwana nde mukundipatsa mopu? Iwo anaona nkhope yanga nkundiuza modekha kuti tsiku lina mnyamata wanu wokolopa sadzabwera, tsiku lina adzakolopa mwachinyengo, mukapanda kudziwa kuti pansi pa fryer pamatenga mphindi zingati kuti payere mudzamukalipira pa zolakwika kapena mudzamusiya pa zolakwika. Ndinakolopa masiku awiri athunthu. Kenako masiku atatu ndinali pa tebulo lopaka nkhuku ufa, manja oyera mbuu, kenako pa fryer, kenako popakira chakudya, tilu inabwera kumapeto kwenikweni. Ofesi ya manijala ndinalowamo sabata yachitatu.

Zimenezi si za kampani yathu yokha ayi, ndi mmene franchise imayendera kulikonse komwe ili ya serious. McDonald's anayambitsa sukulu yawo yotchedwa Hamburger University mu 1961, inayambira mchipinda chapansi cha lesitilanti yawo ina ku Elk Grove Village ku Illinois, ndipo munthu wofuna kukhala mwini wa McDonald's ku America amatha miyezi yambirimbiri akugwira ntchito mu lesitilanti osalandira malipiro asanamupatse yake. Nde masabata athu 6 aja poyerekeza ndi amenewo ndi ochepa zedi, ndipo pano ndimaona kuti akanawonjezerako awiri zikanakhala bwino.

Chinthu chachikulu chomwe amakuphunzitsani ndi kusiya kuphika ndi maso. Ife kwathu pa chiwaya munthu amangoyang'ana tchipisi nkudziwa kuti chapsa, amatapa ndi dzanja kapena ndi chipande, kasitomala akakhala wodziwika amamuikira ka prize pamwamba, ndipo geni imayenda. Kuno zimenezo kulibe. Chilichonse chili ndi sikelo yake, wotchi yake, kutentha kwake. Tchipisi cha small chili ndi magalamu ake, cha large ake, ufa wopaka nkhuku umabwera wosakaniza kale mmatumba ndipo suloledwa kuwonjezera ngakhale mchere, nkhuku ikatuluka mu mafuta umabaya kachipangizo koyezera kutentha pa ntchafu pafupi ndi fupa ndipo iyenera kufika madigiri 75, ikapanda kufika imabwerera. Chakudya chotentha chodikira kasitomala chisatsike pansi pa madigiri 60, firiji isakwere kupitirira 5, freezer ikhale pa minus 18, ndipo zonsezi umalemba mu buku katatu pa tsiku nkusaina. Poyamba ndinkaona ngati ndi zovutitsa chabe koma mayi aja anatifotokozera kuti munthu wogula pa shopu yanga ku East Rand ndi amene wagula ku Pretoria akuyenera kudya nkhuku yofanana, akadwala mmimba kwa ine amene aipe ndi ma shopu onse a dzina limenelo, nde ndi chifukwa chake salola kuti aliyense aziphika mmene anaphunzirira kwa agogo ake.

Tsiku lina thiraki yobweretsa katundu inafika mmamawa kukuzizira, dalaivala ali pa changu akuti saina sisi ndili ndi ma shopu ena asanu. Ine ndinatenga cholembera kuti ndisaine. Mayi aja anandigwira mkono, nkunditengera ku thiraki, tinatsitsa mabokosi onse, kuwerenga limodzi limodzi molingana ndi invoice, kuika pa sikelo atatu mwa iwo, kuyeza kuzizira kwake. Bokosi limodzi la nkhuku linali lonyowa pansi, makatoni afewa, kusonyeza kuti linasungunukapo panjira nkuumanso. Anandiuza kuti ndilibweze ndekha ndi pakamwa panga, ndilembe pa pepala la dalaivala kuti bokosi limodzi lakanidwa ndi chifukwa chake, iye asaine ine ndisaine. Dalaivala anakwiya, ine manja akunjenjemera chifukwa sindinazolowere kukana munthu wamkulu maso ndi maso, koma ndinabweza. Mpaka lero palibe katundu amalowa mu shopu yanga osawerengedwa, ndipo kangapo konse tapeza zoperewera zomwe tikanalipira ife.

Koma pomwe panandivuta kwambiri ndi pa kutaya chakudya. Tchipisi chikatuluka mu mafuta chili ndi mphindi zake zochepa, wotchi ikalira chisanagulidwe chimapita mu bin, nkhuku nayo ili ndi nthawi yake mu kabati yotenthetsa. Ine ndinakula kumudzi, njala ya 2002 ndinaiona ndi maso anga, anthu akudya gaga ndi zitsa za nthochi, nde kundiuza kuti nditaye tchipisi chabwinobwino chifukwa wotchi yalira zinali ngati tchimo. Tsiku lina ndinabisa thireyi pambali kuti ndisakanize ndi chatsopano. Anandiona. Sanandikalipire pagulu, anandiitanira kuseri nkundiuza kuti sisi ndikumvetsa, nanenso ndinakula movutika, koma vuto si wotchi, vuto ndi loti mwakazinga chambiri pa nthawi yoti kulibe anthu. Ndiye anatulutsa pepala lochokera mu tilu losonyeza zogulidwa ola lililonse kwa masabata angapo mmbuyo, nkundionetsa kuti 10 koloko mmawa Lachiwiri kumagulidwa zochepa chonchi, 1 koloko zimakwera, cha mma 5 anthu akamaweruka kupita ku renki ndi pomwe pamafunika mabasiketi onse ali mu mafuta, Lachisanu la kumapeto kwa mwezi ndi nkhani ina. Ukatsatira pepala limenelo umataya zochepa kwambiri. Phunziro limeneli lokha kwa ine linakwana ndalama ya maphunziro onse, chifukwa munthu amene sakufuna kutaya chakudya ngati ine wapatsidwa njira yoti asataye popanda kunyenga kasitomala. Ndipo chilichonse chotayidwa chimayezedwa pa sikelo nkulembedwa, sichingotayidwa mwachisawawa.

Nde pali kuwerenga sitoko usiku. Eee apa mpomwe ndinadziwa kuti bizinesi ya chakudya imafera mu freezer osati pa kaunta. Usiku uliwonse tikatseka timawerenga nthuli za nkhuku zotsala, matumba a tchipisi, mabanzi, zakumwa, ngakhale timabokosi topakira, chifukwa timabokosi timeneti timakuuza zoona, ngati tatuluka 200 koma tilu ikuti tagulitsa 190 ndiye kuti chakudya cha anthu 10 chatuluka ulele. Usiku wina pa shift yomwe ndinkayendetsa ine zinaperewera nthuli 7. Ndinati aaa 7 yokha, tizipita kwada. Mayi aja anakhala pansi pa kreti nkutulutsa foni, anati tiyeni tiwerengere limodzi, nthuli 7 pa tsiku kuchulukitsa ndi masiku 30, kuchulukitsa ndi mtengo wogulitsira, kenako ndi miyezi 12. Nambala yomwe inatuluka inali pafupifupi malipiro a wantchito mmodzi a miyezi ingapo. Tinakhala mpaka cha mma 11 kufufuza, zinapezeka kuti 4 zinali zopserera zomwe mnyamata wa pa fryer anataya osalemba, 3 zinapita ngati chakudya cha antchito osadutsa pa tilu. Palibe amene anaba, koma ndalama inali itapita. Anatiphunzitsanso kuti katundu wakale azituluka koyamba watsopano azipita kumbuyo kwa shelefu, amati FIFO, chilichonse chomatidwa deti, komanso mafuta a fryer kusefa tsiku lililonse ndi kuyeza ngati atha mphamvu, chifukwa mafuta ophikira ndi okwera mtengo koopsa ndipo ukawasintha msanga waluza, ukachedwa nkhuku imada nkumawawa.

Sabata ya mkalasi ija inali ya manambala ndi malamulo. Pa manambala anachita bwino ndithu, anatipatsa ma report enieni a ma shopu awo atafufuta maina, nkutiuza kuti tipeze tokha pomwe shopu ikudontha. Apa mpomwe anthu ambiri mkalasi anadzidzimuka kumva bwinobwino kuti royalty, gawo lomwe umapereka ku kampani chifukwa chogwiritsa ntchito dzina lawo, komanso ndalama ya zotsatsa malonda zimachotsedwa pa zonse zomwe wagulitsa osati pa phindu, kutanthauza kuti mwezi woti waluza iwo amalandirabe gawo lawo. Zinalembedwa mu kontirakiti inde koma kuwerenga ndi kuziona pa pepala la mwezi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Anatichenjezanso za VAT, 15 peresenti ija, kuti ndalama imeneyo ikalowa mu tilu si yako ndi ya SARS, bungwe lotolera misonkho kuno, uziika pambali mu akaunti ina tsiku lomwelo, chifukwa ambiri amaidya osadziwa nkudzalira tsiku lolipira. Malangizo amenewo ndinawagwira ndi manja awiri ndipo anandipulumutsa.

Za ukhondo ndi ziphaso anatithandizanso bwino. Kuno malo aliwonse ogulitsa chakudya amayenera kukhala ndi Certificate of Acceptability, imachokera kwa a zaumoyo a khonsolo pansi pa malamulo a R638 a mu 2018, imalembedwa mu dzina la munthu amene akuyang'anira malowo ndipo imapachikidwa poonekera, komanso munthu ameneyo amayenera kukhala wophunzitsidwa za kasamalidwe ka chakudya. Kampani inatipangitsa kosi imeneyo mkati mwa masabata omwewo ndipo anatiuza zomwe inspector amayang'ana akabwera, sinki yosambira mmanja yosiyana ndi yotsukira ziwiya, sopo, zinyalala zovindikira, umboni woti mumapopera mphemvu ndi makoswe, kusiyanitsa nkhuku yaiwisi ndi yophika. Inspector wa khonsolo yathu ya Ekurhuleni atabwera kwathu anapeza zonse zili mmalo, anangotiuza kakonzedwe kamodzi ka pa chitseko cha kumbuyo.

Tsopano zodandaula, ndipo ndizinena mosabisa chifukwa wina zimuthandiza.

Choyamba ndi nkhani ya anthu. Masabata 6 onse aja, za kasamalidwe ka antchito ndi malamulo a ntchito anatipatsa theka la tsiku basi, ma slide othamanga, nkutipatsa foni nambala ya kampani ina yoti tiziimbira tikakhala ndi vuto, yolipira payokha. Koma abale mu shopu chomwe chimakugonetsa mochedwa si nkhuku ayi, ndi anthu. Nthawi imeneyo malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anali R25.42 pa ola kuyambira March 2023, chaka chotsatira anakwera kufika R27.58, ya UIF, thumba la boma lothandiza wantchito ntchito ikatha, umadula 1 peresenti kwa wantchito iwe nkuwonjezera 1 peresenti yako, sabata ya ntchito ndi maola 45 kupitirira apo ndi ovataimu, Lamulungu ndi maholide zili ndi kawerengedwe kake, zonsezi anangozitchula modutsa. Nanga ukapeza wantchito akuba utani, umalemba bwanji chenjezo, hearing, kuja komva mbali ya wantchito usanamuchotse, imayenda bwanji, palibe anatiyeseza ngakhale kamodzi. Mwezi wachinayi ndinachotsa mtsikana wina amene ankachita zachinyengo pa tilu, umboni ndinali nawo koma sindinatsate ndondomeko, anakandisumira ku CCMA, bungwe lomva milandu ya pakati pa antchito ndi mabwana awo, wantchito ali ndi masiku 30 oti akadandaule, ndipo ndinalipira ndithu ngakhale wolakwa anali iye. Zinandiwawa kwambiri chifukwa tsiku limodzi lokha loyeseza hearing mkalasi likanandipulumutsa. Anthu oti anandiphunzitsa kuyeza ntchafu ya nkhuku mosamala chonchija akanatha kundiphunzitsanso izi.

Chachiwiri ndi magetsi. Amene munali kuno mu 2023 mukudziwa kuti chinali chaka choipitsitsa cha load shedding, stage 6 inali ngati chakudya cha tsiku ndi tsiku, magetsi kuzima kangapo pa tsiku. Shopu yomwe ndinkaphunzirira inali mu mall yokhala ndi jenereta yaikulu, magetsi akazima mumangoona kuphethira kamodzi basi zonse zayakanso. Nde ine ndinamaliza maphunziro onse osaonapo shopu ikuyenda popanda magetsi. Yanga ili pa msewu, jenereta ndi yanga, dizilo ndi wanga. Buku lawo lalikulu la malangizo lija linalibe tsamba ngakhale limodzi lonena kuti magetsi akazima uzimitse chani uyatse chani, freezer ingapirire maola angati osatsegula, makina a khadi akafa utani, dizilo uwerengere bwanji mu bajeti. Ndinaphunzira ndekha movutika ndi kufunsa eni ma shopu anzanga pa gulu lathu. Kenako chakumapeto kwa chaka chomwecho kunabwera chimfine cha mbalame, nkhuku ndi mazira zinasowa mdziko muno mitengo nkukwera, ife sitiloledwa kukagula kwina kulikonse koma kwa supplier wawo, nde masiku ena thiraki imabwera ndi theka la order. Sindikunena kuti akanalosera matenda a nkhuku ayi, koma phunziro loti katundu akaperewera uzigulitsa bwanji, uzikankha ziti pa menu, uwauze chani makasitomala, limenelo likanakhalapo.

Chachitatu ndi ndalama zobisika za nthawi ya maphunziro. Anatiuza kuti training ya anthu awiri ili kale mu ndalama yolowera, zoona inalimo. Koma transport ya tsiku lililonse, chakudya, yunifomu, malipiro a antchito anga 8 amene anaphunzitsidwa masabata awiri tisanatsegule, zonsezo zinali zanga, ine ntchito ndinali nditasiya kale ndiye kunalibe salary, ndipo omanga shopu atachedwa ndi masabata atatu lendi inayamba kuwerengedwa shopu isanagulitse ngakhale bun imodzi. Mnzathu wina mkalasi anachokera ku Limpopo, iyeyo anawonjezera ndi malo ogona masabata onsewo. Za mpamba woyendetsera miyezi yoyambirira anatiuza mwachidule kwambiri, pomwe ndi pamene anthu ambiri amagwera, sabata yotsegulira anthu amadzaza chifukwa cha chidwi ndi ma special, mwezi wachiwiri ndi wachitatu kumazizira ndipo ngongole ya banki siidikira.

Kachinayi kakang'ono, manijala wa shopu yomwe tinkaphunzirira masiku amene mayi aja kunalibe ankationa ngati antchito aulele, masiku awiri athunthu ndinangokhala pa tebulo la ufa chifukwa wantchito wake sanabwere, pomwe pa ndondomeko ndimayenera kukhala ndikuphunzira ma order. Nditadandaula anakonza ndipo masiku aja anandibwezera, nde musamaope kulankhula, mwalipira.

Mayeso ake anali enieni, osati ongokondweretsa. Olemba analipo, a kutentha ndi ukhondo umayenera kukhoza pafupifupi zonse, koma aakulu anali oti uyendetse shopu wekha Lachisanu la kumapeto kwa mwezi kuyambira kutsegula mpaka kutseka, iwo ataima pakona ndi pepala osayankhula kanthu. Tsiku langa fryer imodzi inayamba kuvuta cha mma 5, mzere wafika pakhomo, bambo wina akukalipa kuti wadikira nthawi yaitali, mtsikana wa pa tilu misozi ili mmaso. Ndinakumbukira zomwe anatiuza kuti mwini asathamangire kukagwira fryer yekha, aime pomwe akuona zonse. Ndinasuntha mnyamata mmodzi kuchoka kopakira kupita ku fryer yotsalayo, ndinapita ndekha kwa bambo aja kuwapepesa nkuwauza mphindi zenizeni zomwe adikire, ndinauza a pa tilu kuti azikankha zomwe zinali kale mu kabati. Tinadutsa. Usiku titawerenga sitoko zinaperewera nthuli 2 zokha ndipo zinapezeka mu buku la zotayidwa. Mayi aja anangoti sisi mwakonzeka, ndipo ndikunena zoona ndinalira mu taxi popita kunyumba. Bambo wina mkalasi mwathu sanakhoze, anamuwonjezera masabata awiri ndipo tsiku lake lotsegulira linasunthidwa, zomwe zinandisonyeza kuti sakungogulitsa mapepala.

Bambo ameneyo ndimutchulenso chifukwa nkhani yake ndi yofunika. Iye anali ndi ndalama, anali ndi ntchito ina yabwino, maganizo ake anali oti atumize mphwake kuti aphunzire iye azingobwera kudzatenga ndalama. Kampani inakana, inati mwini ayenera kukhalapo yekha, nde ankabwera mokakamizika, foni ili kukhutu nthawi zonse. Ine ndikugwirizana nayo kampani pamenepa ndi mtima wonse. Manijala amachoka, mphwanu amatopa kapena mumayambana, ndipo akachoka amapita ndi nzeru zonse inu nkutsala ndi ngongole ndi shopu yomwe simukudziwa kuti gasi amatsekera pati.

Titatsegula, mayi aja ndi mnyamata wina wa ku ofesi anakhala nafe masiku 7 oyambirira kuyambira mmawa mpaka kutseka, anathandiza kupanga order yoyamba, kukonza ndondomeko ya ma shift, kuyang'anira antchito atsopano amene manja anali asanazolowere. Sabata imeneyo inali yamtengo wapatali. Atachoka ndinamva ngati mwana wosiyidwa pa sukulu tsiku loyamba, koma foni ankayankha, ndipo mpaka pano amabwera mwadzidzidzi kudzayendera ndi pepala lawo la mamakisi, kuyang'ana mpaka pansi pa firiji.

Kwa amene mukuganiza zolowa kuno ku South Africa, lamulo lili kumbali yanu pa zinthu zingapo ndipo muzigwiritse ntchito. Consumer Protection Act ya 2008, imene inayamba kugwira ntchito mu April 2011, imati kampani ikupatseni disclosure document, chikalata chofotokoza za kampaniyo ndi mmene ikuyendera, masiku osachepera 14 musanasaine, kontirakiti ikhale yolembedwa ndipo ifotokoze maphunziro ndi chithandizo chomwe adzakupatseni poyamba, komanso mukasaina muli ndi masiku 10 a ntchito oti mutha kusintha maganizo polemba kalata osalipitsidwa chilango. Mu disclosure muja mumakhala mndandanda wa eni ma shopu ena ndi manambala awo. Aimbireni, osati awiri okha amene kampani yakusankhirani, ndipo muwafunse za training yeniyeni, anaphunzira masabata angati, mu shopu yotani, ndani analipira antchito, anakhala nawo masiku angati atatsegula, ndi chani chomwe anakumana nacho chomwe sanaphunzitsidwe. Ine ndinaimbira atatu okha ndipo ndinkangofunsa za phindu, za maphunziro sindinafunse nkomwe. Onaninso ngati kampaniyo ili membala wa FASA, bungwe la ma franchise la kuno lomwe lakhalapo kuyambira 1979, ndipo kontirakiti ipite kwa loya wodziwa za franchise, ndalama ya loya ndi yochepa poyerekeza ndi zaka zomwe mukudzimangirira. Kampani ikakuuzani kuti training yathu ndi ya masiku atatu basi mutsegula, ine ndingati gwirani chikwama chanu bwino.

Achimwene anga ku Lilongwe anandifunsa ngati zoterezi zingatheke kumudzi, poti KFC, Debonairs ndi Steers ziliko kale. Ndinawauza kuti maphunzirowo angawathandize kulikonse ngakhale pa chiwaya penipeni, sikelo, buku la zotayidwa ndi kuwerenga sitoko usiku sizifuna dzina la kampani. Koma franchise yoti katundu wake ndi royalty zikufuna ndalama zakunja aganize kawiri, ndi mmene forex imavutira komanso kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 muja, afunsitsitse kuti ndi zinthu ziti zomwe adzaloledwe kugula kwa alimi ndi ma supplier a konko.

Pa nyenyezi 5 ndikuwapatsa 4. Ya khitchini, ukhondo, sitoko ndi sabata yotsegulira ndi 5 yonse, mayi amene anatiphunzitsa aja ndikanatha ndikanawapatsa 6. Imodzi ndachotsa chifukwa cha za antchito, magetsi ndi ndalama zomwe sananene poyera. Ndinawalembera zonsezi pa fomu yomwe amapereka pomaliza komanso ndinakazinenanso pa msonkhano wa eni ma shopu, ndipo ndamva kwa amene analowa pambuyo panga kuti za malamulo a ntchito pano akuphunzitsa masiku awiri ndipo akumayeseza hearing. Mwezi wamawa akunditumizira munthu watsopano woti adzaphunzirire mu shopu yanga masabata 4, ndavomera, ndipo ndawauza kale kuti tsiku limodzi tidzazimitsa main switch dala masana kuti adzaone mmene timayendetsera pa jenereta.